Chikomekome cha Mkuyu pa Siteshoni ya Brussels

Mu Novembala 2012, anthu okwera ndi otsika pa siteshoni ya Brussels-Midi anapeza sitima imene sinali pa ndandanda wa maulendo. Inali ndondondo, mutu wake ndi mabogi ake, mamita 34.05 kuchokera kutsogolo mpaka kumchira, yolemera makilogalamu 1,285. Munalibe chitsulo, munalibe waya, munalibe msomali ngakhale umodzi. Yonse inali chokoleti. Amene anaiumba ndi Andrew Farrugia, katswiri wa ku chilumba cha Malta, ndipo inamudyera maola 784. Akuluakulu a Guinness World Records anabwera, anaiyeza, anatsimikiza kuti mulibe china chobisikamo, nalemba m'buku lawo kuti pa nthawiyo panalibe chinthu cha chokoleti chachitali kuposa chimenechi.

Odutsa anatulutsa mafoni, ana anameza malovu. Koma kuli mtundu wina wa anthu umene ukaona chinthu chotere suthamangira kuomba m'manja. Awa ndi aja okonda tisitima ting'onoting'ono toyendera magetsi, amene amayala njanji zawo m'chipinda chapansi, m'galaja kapena kudenga kuseri kwa siling'i, n'kumathera Loweruka lathunthu akumata kamtengo kotalika ngati chala. Ku Britain, ku Germany, ku America ndi ku Japan alipo ambirimbiri, ali ndi makalabu, magazini ndi ziwonetsero zawo. Kalabu ya ku London yotchedwa The Model Railway Club inayamba mu 1910 ndipo ilipobe. Munthu wa mtundu umenewu akaima patsogolo pa sitima ya chokoleti amawerama, amatsinzina diso limodzi, amayang'anitsitsa pamene mawilo akhudzana ndi njanji. Mafunso ake ndi awiri ndipo sasintha: yapangidwa pa mlingo wanji, nanga kodi imayenda? Akamva kuti mlingo uli m'mutu mwa woumba, ndipo kuyenda siyenda, amaweramuka chigamulo chili kale pamlomo. Akanakhala wolankhula Chichewa sakanataya mawu ambiri: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mwambiwu ndi wa munthu amene zinamuonekerapo. Anaona nkhuyu zitapsa psuu, zitaunjikana pa nthambi, anathyola imodzi, anaiponya m'kamwa osaibenthula, nalavula. Kuchokera tsiku limenelo amachenjeza mnyamata amene wakomedwa ndi nkhope, wogula galimoto yopukutidwa bwino koma injini itatha, mlimi amene wagulitsidwa mbewu yakufa m'paketi yokongola. Ndi mwambi wothandiza, ndipo wapulumutsa ndalama ndi mitima yosawerengeka. Koma uli ndi chizolowezi chimodzi choipa: nthawi zina umagamula mlandu chipatso chisanabenthulidwe. Ukangoona kunyezimira, umayamba kale kumva nyerere zikuyenda pa lilime.

Munthu asanawatsutse okonda tisitimawa, ayenera kumva kaye chimene iwo amatanthauza akamati mlingo. Pa mlingo wofala kwambiri, umene amautcha H0, chilichonse chimachepetsedwa ka 87. Munthu wotalika mamita 1.74 amasanduka kachidole ka masentimita 2. Mizere iwiri ya njanji imatalikirana mamilimita 16.5, osapitirira, osaperewera. Pali mlingo wa N wochepetsa ka 160, ndi wa Z wochepetsa ka 220, umene kampani ya Märklin ya ku Göppingen inatulutsa mu 1972, pamene mutu waung'ono wa sitima umakwana m'bokosi la machesi. Lamulo lake ndi limodzi: chitseko, nyali, ng'ombe ya kudambo ndi chidebe cha pa khonde, zonse zimvere nambala imodzi. Pakati pawo pali ena ouma mtima kwambiri, amene anzawo amawaseka kuti ndi owerenga misomali, chifukwa amatenga chithunzi chakale cha injini yeniyeni ndi galasi lokulitsira, n'kuwerenga timitu ta misomali pa thanki kuti aone ngati wopanga sanaphonye umodzi. Amakangana ngakhale za utoto. Chodabwitsa n'chakuti umodzi mwa mitundu imene amaikanganira kwambiri ku Britain ndi wa mabogi a kampani yakale ya Great Western Railway, umene dzina lake lodziwika ndi chokoleti ndi kirimu.

Pa bwalo la milandu loterolo chokoleti sichingapambane, ndipo chifukwa chake chili m'chibadwa chake. Mafuta a koko amasungunuka kutentha kukafika madigiri 34 kapena kuyandikira pamenepo, pansi pang'ono pa kutentha kwa thupi la munthu. N'chifukwa chake chimakoma pa lilime, n'chifukwa chakenso chala chikangokhalitsa pa khoma la bogi chimasiya chidindo. Kuti chiwale ndi kulimba, mmisiri amachisungunula mpaka madigiri 45 kapena kupitirira pang'ono, amachithira pa mwala wosalala wozizira n'kumachitembenuza ndi mpeni wophwatalala mpaka chitsike kufika pa 27, kenaka amachifunditsa pang'ono chifike pa 31 kapena 32. Mafutawa ali ndi njira zisanu ndi imodzi zoumira, koma imodzi yokha ndiyo imapereka kunyezimira ndi kulira kuja kwa thyo! munthu akachithyola. Akaphonya madigiri awiri okha, ntchito ya tsiku lonse imatuluka yotuwa ndi yofewa. Ndipo ngakhale atachita zonse molondola, sangaumbe chogwirira chochepa ngati ulusi, sangapange ekiselo yozungulira pansi pa katundu. Mawilo amanenepa, mapaipi amatupa, makwerero amakhuthala. Wowerenga misomali akaona zimenezi sananame: ichi ndi chithunzi cha sitima, ndipo ndi sitima imene sidzachoka pa siteshoni.

Koma mlandu umene mwambi umaimba mkuyu si wa kulephera kuyenda. Ndi mlandu wa chinyengo: kunja kunena china, m'kati muli china. Choncho chilungamo chikufuna kuti zipatso zonse ziwiri zibenthulidwe. Munthu akathyola khoma la bogi ya Farrugia apeza chokoleti. Akathyola wilo, chokoleti. Guluu wolumikizira zidutswa nayenso ndi chokoleti chosungunula. Tsopano atenge kamutu ka sitima ya malasha ka pa mlingo wa H0, kakuda bii, ka chumuni chake ndi mipini yake yopalasa mawilo, amasule timabawuti ta pansi. M'malo mwa ng'anjo muli kamota ka magetsi. M'malo mwa madzi owira muli timawaya tofiira ndi takuda, ndi kachipangizo ka kompyuta kochepa ngati chikhadabo. Mulu wa malasha ndi pulasitiki woumbidwa kamodzi. Utsi umachokera m'kadontho ka mafuta kotenthedwa ndi waya, ndipo kupuma kuja kwa chu-chu-chu kumatuluka m'kasipika kobisika pansi pa malasha abodzawo. Ngati pali chipatso chimene khungu lake likunena za moto pamene m'kati muli zina, si chija cha pa Brussels-Midi.

Nkhani ya mlingo wa ku Britain imafika pamenepa ngati mboni yosaitanidwa. Injini zenizeni za ku Britain n'zocheperapo thupi poyerekeza ndi za ku Germany kapena ku America, chifukwa ngalande za pansi pa mapiri ndi milatho ya kumeneko zinamangidwa zopapatiza. Pamene opanga zidole ankafuna kuzichepetsa ka 87, timamota ta nthawi imeneyo tinakana kukwana m'mimba mwake. Anachita zimene telala amachita mwana akanenepa: anakulitsa malaya. Thupi analipanga pa mlingo wa 76.2, njanji anaisiya pa mamilimita 16.5 omwe aja. Umenewu ndiwo mlingo wa OO, umene kampani ya Meccano inaufalitsa ndi tisitima ta Hornby Dublo kuyambira mu 1938, ndipo mpaka lero ndiwo wofala ku Britain. Masamu ake sabisika: njanji yeniyeni ya mamilimita 1,435 ikachepetsedwa pa mlingo umenewo iyenera kukhala 18.83. Ndiye kuti tisitima tambiri ta ku Britain timayenda miyendo itapanikizana ndi mamilimita awiri ndi kachidutswa. Eni ake amadziwa. Ena zinawapweteka mpaka anapatuka n'kuyamba kudzipangira njanji za 18.2, enanso za 18.83 zenizenizo. Koma unyinji unangovomereza kutsinzina diso pa bodza laling'onoli kuti sitima iyende. Amene akuimba chokoleti mlandu wa mawilo onenepa ali ndi wake m'thumba.

Pali malo amodzi pamene okonda tisitima anaumvetsa mwambiwu kuposa oumba chokoleti. Iwo sakhulupirira chinthu chowala. Kabogi kakatuluka m'bokosi kali nyezinyezi, mwini wake amakaona ngati kakusowa ulemu, ndiye amakhala pansi ndi kabulashi ndi ufa wa choko chamitundu n'kuyamba kukadetsa. Amapaka dzimbiri pansi pa zitseko, pamene mvula ikanatsetsereka. Amathira mwaye padenga, fumbi lofiirira pa mawilo, kadontho ka oilo pansi pa injini. Mmodzi mwa amene anatchukitsa luso limeneli anali John Allen wa ku Monterey, m'chigawo cha California, katswiri wojambula zithunzi amene njanji yake yotchedwa Gorre and Daphetid inali ndi mapiri oyambira pansi mpaka kudenga. Komabe dzimbiri lonselo ndi utoto. Ndi chikomekome chovala nsanza. Pamene chokoleti chikakalamba chimakalamba zenizeni: kutentha kukasinthasintha mafuta amakwera pamwamba n'kusiya utuwi ngati phulusa, chinyezi chikachigwira shuga amatuluka n'kuchita mawanga. Woumba amalimbana ndi ukalamba umene mnzake amaugula m'botolo.

Ndiye pali mfundo imene okonda tisitima amaiona ngati yosagwedezeka: chathu chimakhala, chawocho n'cha masiku owerengeka. Mbali yake ndi yoona. Maola 784 ndi masiku 98 a munthu wogwira ntchito maola 8 pa tsiku, ndipo zonsezo zingathe ndi masana amodzi a dzuwa la pa windo. Sitima ya Farrugia inayamba kulawa imfa isanafike n'komwe. Inanyamulidwa pa lole kuchokera ku Malta m'mabokosi amatabwa 25, ndipo atawatsekula ku Belgium anapeza makoma ena atagweratu. Kunatsala masiku atatu kuti aionetse kwa anthu. Mwini wake anawathera akuumbanso, tulo akutilawa pang'ono chabe.

Koma kukhalitsa kwa chitsulo nako kuli ndi nyerere zake. Amene amasunga tisitima takale ta m'ma 1930 mpaka m'ma 1950 amadziwa nthenda ina imene imagwira chitsulo chosakaniza cha zinki chikakhala kuti munalowa mtovu pang'ono pochisungunula. Kunja utoto uli bwinobwino, m'kati chitsulo chikutupa mwakachetechete, mpaka tsiku lina wilo limang'aluka lokha m'kabati, felemu n'kunyenyeka ngati bisiketi. Palibe mankhwala. John Allen anamwalira mu Januwale 1973, ndipo patangopita masiku khumi moto unabuka m'nyumba mwake n'kuwononga njanji imene anaimanga kwa zaka pafupifupi makumi awiri. Chimene chinatsala kwenikweni ndi zithunzi. Mu Meyi 2019, a kalabu ya Market Deeping ku England anayala chiwonetsero chawo m'holo ya sukulu ina ku Stamford madzulo, kuti m'mawa alandire alendo. Usiku anyamata analowa n'kuphwanya zonse, ntchito ya zaka zambiri n'kusanduka zinyalala pansi. Anthu anasonkha ndalama zoposa mapaundi 100,000, ndipo woimba Rod Stewart, amenenso anatha zaka zoposa 20 akumanga mzinda wake wa tisitima, anaponyapo mapaundi 10,000. Ndalama zinagula zipangizo zatsopano, koma maola a nkhalamba zimene zinamata timazenera timodzitimodzi sagulitsidwa m'sitolo. Kusiyana kwake n'kwakuti woumba chokoleti amadziwa tsiku loyamba lomwe kuti chake chidzatha, pamene mnzake zimamudzidzimutsa.

Izi sizikutanthauza kuti mwambi wagwa pa nkhaniyi. Uli ndi malo pamene ukuluma ndithu, koma ndi malo amene wowerenga misomali sayang'anako. Ku Belgium sikumera mtengo wa koko. Kupitirira theka la koko wa dziko lonse amalimidwa ku Côte d'Ivoire ndi ku Ghana, m'minda ing'onoing'ono, kumene mlimi amathyola zibalobalo ndi chikwanje, amazing'amba, amavundika nthanga m'masamba a nthochi kwa masiku angapo, n'kuziyanika padzuwa. Pa mtengo umene wogula amalipira m'sitolo ya ku Brussels, gawo lofika m'manja mwa mlimiyo ndi laling'ono, ndipo nkhani ya ana ogwira ntchito m'minda imeneyi yakhala ikukambidwa kwa zaka zoposa makumi awiri osatha. Makilogalamu 1,285 aja anayambira pa chikwanje cha munthu wina. Njanji nayo ili ndi zake. Belgium imanyadira kuti mu 1835 inatsekula njanji ya pakati pa Brussels ndi Mechelen, yoyamba yonyamula anthu ndi injini ya nthunzi kumtunda kwa Ulaya. Koma dziko lomwelo ndilo linali kuseri kwa njanji ya Matadi kupita ku Léopoldville, ku Congo, imene inamangidwa pakati pa 1890 ndi 1898 ndipo inameza miyoyo ya antchito mazanamazana. Pa matebulo a ziwonetsero pamakhala ng'ombe za pulasitiki, maukwati a pa tchalitchi, asodzi a pa mlatho. Manda a omanga njanji saoneka kawirikawiri. Apa mwambi ukunena zoona, ndipo ukunena kwa onse awiri.

Chatsala n'kubwerera ku mtengo weniweniwo, chifukwa mkuyu unaweruzidwa popanda kupatsidwa mpata wodziteteza. Nkhuyu si chipatso wamba. Ndi kachikwama kotsekeka kamene maluwa ake mazanamazana anamera choloza m'kati, kumene njuchi kapena mphepo sizingafike. Nyerere zenizeni zimalowamo ndithu nkhuyu ikapsa, koma tizilombo tambiri timene mwana amatipeza akaibenthula ndi timavu ting'onoting'ono. Kakakazi kamalowa pa kabowo ka kunsonga, kopanikiza kwambiri moti mapiko amathothokera pakhomo. Kamabwera ndi mungu wochokera ku mkuyu wina, kamaupaka pa maluwa, kamaikira mazira, kenaka kamafera momwemo. Ana akaswa, aamuna amabadwa opanda mapiko, amakwawa mumdima ngati nyerere, amaboola khoma kuti alongo awo atuluke ndi mungu watsopano, iwo osapita kulikonse. Popanda tizilombo timeneti mkuyu sungabale mbewu. Amene analavula nkhuyu ija analavula amisiri amene anaipanga.

Chimene chili m'kati, tsono, sichikhala mdani wa kunja nthawi zonse. Kamota kobisika pamalo pa ng'anjo ndi kamene kamachititsa kuti mipini ipalase ndi mwana atsekule pakamwa. Kufewa kumene kumaletsa chokoleti kunyamula ekiselo ndi komwe kumalola mpeni wa woumba kulemba mizere ya matabwa pa khoma la bogi. Ndipo amisiri awiriwa, ngakhale mmodzi amanunkha shuga wina amanunkha guluu, amafanana msana. Onse amawerama pa thebulo usiku ena atagona, onse amabwereza kachidutswa kamodzi kasanu chifukwa ka kanayi kanapendama, onse amadziwa kulemera kwa wilo la nambala 40 pamene maso ayamba kuyabwa. N'chifukwa chake m'makalabu momwemo simusowa wina amene, anzake akamaseka mawilo onenepa, iye amangokhala chete akuwerenga maola. Ngakhale nyumba yosungira mbiri ya njanji ya Train World, ku Schaerbeek mu Brussels momwemo, inatsekula zitseko zake mu 2020 kwa chiwonetsero chotchedwa Choco Loco, ziboliboli za chokoleti zitaimikidwa pafupi ndi injini zenizeni za chitsulo.

Ku Hamburg, m'nyumba zakale za njerwa zofiira zosungiramo katundu wa pa doko, kuli Miniatur Wunderland, imene mapasa Frederik ndi Gerrit Braun anatsekula mu 2001. Ndi njanji ya tisitima yaikulu kuposa zonse pa dziko lapansi: mizere yoposa makilomita 15 pa mlingo wa H0, tisitima toposa 1,000, bwalo la ndege kumene tindege timanyamukadi, ndipo pa mphindi 15 zilizonse magetsi a m'chipinda amazima pang'onopang'ono kuti kugwe usiku, timazenera masauzande n'kuyaka. Kumeneko ndi kumene owerenga misomali amapita ngati ku ulendo wachipembedzo. M'chigawo cha Switzerland, kumene phiri la Matterhorn linaumbidwa lotalika mamita pafupifupi 6, kuli kafakitale ka Lindt. M'mphepete mwa thebulo muli batani. Mlendo akalidina, timakina ta m'kati timayamba kuyenda, lamba amazungulira, ndipo pakapita kamphindi pamagwa kachidutswa ka chokoleti chenicheni, kokutidwa m'pepala lake. Kachidutswako sikali pa mlingo wa 87. Kakanakhala pa mlingowo sikakanaoneka n'komwe pa chikhatho. Pa batanipo pamakhala mzere, ndipo si ana okha amene amaimapo. Bambo wa imvi, kamera ili pakhosi, amene wathera ola lathunthu akusuzumira pansi pa mabogi, amafika nthawi yake, amadina, amadikira, amasenda kapepala ndi chikhadabo. Kuseri kwake magetsi ayamba kuzima, ndipo sitima yofiira ikutuluka m'phiri, nyali zake zitayaka.